Bodza, Madala

A Dennis, amene ndinkawasamalira ku Tipton, kudziko la azungu, ankakonda kunena kuti anali goloboyi wa katimu ka masewera a hoke ya pa ayezi. Ine ndinkamwetulira n'kuwayankha m'Chichewa, "Bodza, madala," podziwa kuti Chichewacho sachimva.

Atamwalira, mwana wawo anandipempha kuti ndikasiye ndodo yawo yosewerera kubwalo la timuyo. Ndinapita usiku, nditaweruka. Mlonda ananditsegulira n'kubwerera panja.

Pakhoma panali chithunzi cha osewera a mu 1974. A Dennis anali pakati, atagwira ndodo yomweyi. Manyazi anandigwira.

Kenako ndinamva nsapato zikukwecha ayezi, zikubwera pang'onopang'ono. Zinaima pafupi nane, koma pa ayezipo panalibe munthu.

"Frackson," anatero mawu a Dennis, m'Chichewa chenicheni. "Bodza eti?"