Nsonga ya Abwana

"Nsonga ya phiri ija ndi imeneyi," anatero abwana akudzigwetsa pamwala, chifuwa chikulira ngati mvukuto.

Kalaliki anatula chikwama cha abwanawo, chimene anachisenza kuyambira m'mawa pamwamba pa chake, n'kuyamba kuwajambula. Zala zinali zitauma ndi chisanu, koma poti kontrakiti yake inkatha mwezi womwewo, anasamala kuti mimba ya abwanawo isalowe m'chithunzi.

"Mwaonatu, anyamata," abwana anauza a mu ofesi onse amene anakwera nawo phirilo. "Utsogoleri ndi umenewu. Ine chinthu sindisiyira panjira."

Onsewo ali mkati mowomba m'manja, mphepo inakankha nkhungu. Kumbuyo kwa abwana kunatulukira nsonga yeniyeni, yaitali, yoyera mbuu ndi chipale chofewa, anthu akuikwera ngati nyerere.

Manja anazilala. Abwana anacheuka, nayang'ana kwa nthawi, kenako maso awo anatera pa kalaliki.

"Iwe, chimenecho n'chiyani?"

Kalaliki anakumbukira ana ake kunyumba.

"Ndi mtambo, bwana."

"Inenso ndimati ndi mtambo," anatero abwana akudzuka. "Tenga chikwama, tizitsika usanativumbwitse."