Tsamba la Masalimo Limene Chiukepo Analamineta

Panali munthu wina ku Dudley kuno, dzina lake Chiukepo. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo anaiulula yekha manyazi atamukulira.

Chiukepo anabwera pa viza ya keya, ndipo ankasamalira nkhalamba ina, Bambo Wallace, kunyumba kwa bambowo. Bambowa moyo wawo wonse ankagulitsa mabuku akale ku Birmingham. Maso atafa anagulitsa zonse, n'kusunga chinthu chimodzi: tsamba la Masalimo a Chilatini, lolembedwa pamanja pachikopa cha nkhosa zaka 600 zapitazo, makina osindikizira asanabwere. Chilembo choyamba chinali chagolide, chotukuka pang'ono. Poti kuona sankaona, m'mawa uliwonse ankasamba m'manja, n'kupukuta, n'kuyendetsa chala pachilembocho.

"Kuwerenga kwanga n'kumeneku," ankatero.

Tsiku lina tsambalo linang'ambika pakona. Bambo Wallace analiika pakati pa makatoni awiri.

"Chiukepo, Loweruka upita ku Birmingham, eti? Ukalisiye kwa Ann, mayi wokonza mabuku akale. Adiresi ili pamwambapo. Kwa Ann, osati kwa wina."

Loweruka m'basi anakumana ndi Loyce, mlongo wa kutchalitchi amene amagwira ntchito mulaibulale ya payunivesite. Chiukepo anatsegula makatoni kuti amuonetse.

"Achimwene, tsekani!" anatero Loyce. "Ichi n'chikopa. Sichifuna madzi, sichifuna kutentha, sichifuna selotepu. Kaperekeni kumene mwatumidwa basi."

"Iwe Loyce, satifiketi yanga ya Fomu 4 yadutsa mvula ya ku Mzimba, chiswe ndi ndege ziwiri. Ukudziwa chifukwa chake? Lamineti. Azunguwa amangovutitsa zinthu zophweka."

"Achimwene, ndakuuzani."

Kwa Ann Chiukepo anafikadi. Mayiyo analiyang'ana tsambalo, nati litenga masabata asanu ndi limodzi, ndipo mtengo ndi mapaundi 80. Chiukepo, amene sanagulepo ngakhale tomato osanenerera, anayamba ntchito yake. Anayesa 40. Anayesa 50. Anayesa kunyamuka pang'onopang'ono ngati akuchoka, kudikira kuti amuitane. Ann anangomutsegulira chitseko.

Panja anadziuza kuti akuchitira chifundo nkhalamba. Masabata onsewo izikhala ikuwerenga chiyani m'mawa?

Analowa m'kashopu kena kojambula mapepala. Kulamineta kunali mapaundi awiri. Ananenerera mpaka paundi ndi theka, nasangalala kuti tsikulo wapambanako kamodzi.

"Mukutsimikiza?" anafunsa mwini shopu, akulitembenuza tsambalo.

"Lowetsani, bwana. Ndimadziwa zimene ndikuchita."

Makina anameza tsambalo. Kenako m'shopu monse munamveka fungo ngati wina akuwaula mutu wa mbuzi. Tsambalo linatuluka litakwinyika, litachepa, golide atasweka ngati dothi la padambo mu Okutobala, zonsezo zitatsekeredwa bwinobwino m'pulasitiki wonyezimira. Mwini shopu anadulanso makona kuti asabaye munthu.

Chiukepo anaimbira Loyce.

"Kodi lamineti amamatula?"

Loyce anangoti, "Mwachita, eti?"

Lolemba m'mawa nzeru ina inamubwerera, yoipa kuposa yoyamba: bambowa saona.

"Bambo Wallace, Ann wakonza kale. Akuti inali ntchito yaing'ono."

Nkhalamba inasekerera. Inapempha madzi, inasamba m'manja, inapukuta chala chilichonse. Kenako inaika chala pamene pankakhala chilembo chagolide. Chala chinatsetsereka mpaka kumapeto. Inabwereza. Inanyamula tsambalo n'kulinunkhiza.

"Ann wachita izi?"

"Eee, bambo."

"Ann amene ndinamuphunzitsa ndekha ntchito?"

Apa bodza linamukanika Chiukepo. Anagwada pakapeti n'kunena zonse, kuyambira m'basi mpaka paundi ndi theka.

"Ndimafuna likhalitse, bambo."

"Linakhalitsa," anatero Bambo Wallace, mosakweza mawu. "Linapulumuka chinyezi, mbewa, moto ndi mabomba a nkhondo. Linangotsala kupulumuka Loweruka limodzi."

Helen, mwana wawo, atamva anatenga foni kuti aimbire kampani imene inalemba Chiukepo ntchito. Chiukepo ankadziwa kuti ntchito ikatha, viza nayo ili m'madzi. Anangoweramitsa mutu.

"Ika foni pansi, Helen," anatero bambo ake. "Bodza lake lakhala mphindi ziwiri zokha. Ndagulitsana mabuku ndi anthu amene lawo linakhala zaka makumi atatu."

Kenako anatambasula dzanja n'kumupatsa Chiukepo tsambalo.

"Tenga. Uziikapo kapu ya tiyi. Madzi salowa."

Ann ataliona anati palibe chochita, zilembo zinakakamira kupulasitiki.

Chiukepo akugwirabe ntchito panyumba pomwepo. Palibe anamukalipira, ndipo iye amati bola akanamukalipira. Chifukwa m'mawa uliwonse Bambo Wallace amapemphabe madzi mwachizolowezi, amasamba m'manja, amapukuta chala chilichonse, kenako amakumbukira, n'kuika manja oyerawo pamaondo.

Ndipo wobweretsa thaulo ndi Chiukepo.

Phunziro: Ukatumidwa, kafike kumene watumidwa. Nzeru imene inasunga satifiketi yako si imene ingasunge chuma cha mwini wake, ndipo si mtengo uliwonse wofunika kunenerera. Wodziwa akati usakhudze, bweza dzanja, ndipo ukalakwa usaonjezere bodza poti mwini wake saona. Tumizani nkhaniyi m'magulu onse, makamaka kwa abale athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ndi kwa malume aja amene analamineta ngakhale kalata ya ukwati.