Khutu la Nambala 4

Kuyambira mwezi watha, bokosi la magetsi la m'nyumba mwa Lufeyo limangolandira zipangizo za nambala 7 kupita m'tsogolo. Kachipangizo kothandiza mkazi wake Nasibeko kumva ndi ka nambala 4. Akakalumikiza kuti katchaje, bokosilo limayankha mwaulemu wonyansa: "Pepani, ichi sindikuchidziwa."

Lufeyo anapala 4 uja ndi mpeni, n'kulembapo 7 ndi penti yotsala pachitseko. Bokosi linapepesanso. Kusitolo anamuuza kuti za 7 zilipo mbwee, koma sizigwirizana ndi waya amene madokotala anaika m'mutu mwa Nasibeko kalekale.

Basi anayamba kuumira moto wotsala m'kachipangizomo. Nasibeko ankakayatsa m'mawa mokha, mphindi zitatu. Za nkhuku, za munda, za maliro a kutsidya, zonsezo ankakambirana ndi manja.

Lachisanu kagetsi ka pa kachipangizoko kanafiira.

"Lankhulanitu, bambo a Tiyese," anatero Nasibeko. "Katsala pang'ono."

Lufeyo anatsegula pakamwa. Mawu a zaka makumi atatu za ukwati wawo anapanikizana pakhosi. Anatsokomola kaye kuti atuluke bwino, ndipo kagetsi kaja kanazima.

"Ndamva," anatero Nasibeko, n'kukavula.