Kabokosi Kotchipa

Pa malupa onse, timakina tojambula ndi kubwereza nyimbo, amene anali m'galasi la sitoloyo, mlamu wake wa Katswiri analoza kabokosi kotchipitsitsa, kofiira ngati chitini cha polishi. Katswiri anatsonya mpaka mayi wogulitsa anatukula mutu.

Dzina la Katswiri anadzipatsa yekha, ndipo panalibe wotsutsa. Bandi yawo inali ya anthu atatu: mlamu wakeyo woimba pakamwa, mkulu wina wa ng'oma, ndi iye wa gitala. Kwa iye awiri enawo anali onyamula zingwe basi. Sabata yathayo anawauza mosapsatira mawu kuti dzina lake lilembedwe pamwamba pa chinsalu cha bandi, zilembo zikuluzikulu, apo ayi ku ukwati wa Loweruka akaombe okha m'manja. Ankadziwa kuti sanama. Chaka chatha anawasiya phwando lili pakati chifukwa wang'oma anapatsidwa chakumwa iye asanalandire.

Tsopano kunatsala masiku atatu. Mlamu anafika m'mawa, chipewa chili m'manja. "Alamu, tiperekezeni kusitolo. Zinthu izi mumazidziwa ndinu."

Wagonja, anatero Katswiri mumtima. Munthu wamkulumkulu, zala ngati zitsononkho, lero akufuna kuphunzira gitala! Anavomera kupita, osati chifukwa cha chifundo, koma kuti akaonerere manyaziwo ali pafupi.

Mayi wogulitsa anatulutsa kabokosiko n'kufotokoza. Lupa umaika pansi. Ukaponda, kamajambula zimene ukuliza pa gitala. Ukapondanso, kamazibwereza mpaka utatopa ndiwe. Kameneka kanali ndi batani limodzi ndi kokhonyola ka manambala pambali.

"Kachidole," anatero Katswiri. "Oimba enieni amagula iyo ya mabatani anayi."

"Thumba ndi lobooka, alamu," anayankha mlamu. Kenako anatembenukira kwa mayiyo. "Nanga mukazimitsa, zimene mwajambula zimafufutika?"

"Ayi bambo. Kamasunga nyimbo zisanu ndi zinayi, nambala iliyonse yake."

Mlamu anasolola kapepala m'thumba la malaya, n'kukayang'ana milomo ikugwedera. Akuwerengera mitengo, anaganiza Katswiri. Umphawi ndi matenda ndithu.

"Pa sipika yaikulu ya mu holo kamamveka bwino?"

Katswiri anaphulika ndi phwete. "Holo? Yambani mwaphunzira kuchipinda, alamu, chitseko chili chotseka, kuti mlongo wanga asalongedze katundu."

Mlamu anangomwetulira ngati munthu wozolowera kunyowa. Mayiyo analumikiza zingwe n'kumupatsa gitala yoyesera. Zimene zinatuluka pamenepo n'zosayenera kuzifotokoza. Phazi linkaponda dzanja lisanakonzeke, dzanja linkayamba phazi litaiwala. Kabokosi, posadziwa ulemu, kanabwereza chisokonezo chonsecho katatu.

"Bweretsani kuno musanaphe anthu!" Katswiri analanda gitalayo.

Anafufuta zonyansazo, anakhwimitsa nsambo imodzi, n'kuponda. Kunena zoona, munthuyo ankatha. Nyimbo inayenda myaa, inazungulira n'kudzalumikizana pamene inayambira popanda msoko. Anapondanso n'kuika tokometsera pamwamba. Anthu amene ankasankha mawailesi anasiya n'kumuzungulira, ndipo Katswiri akaona anthu atamuzungulira mutu umakula.

"Koma ija yolowera akwati kangaikwanitse?" anafunsa mlamu mokayika. "Ija ndi yovuta."

"Yovuta kwa inu."

Mlamu anagwada n'kukhonyolera pa nambala yachiwiri. Katswiri anailiza ataphethira diso kwa mayi wogulitsa. Itatha, mlamu anasuzumira pa kapepala kake n'kukayikiranso ya makolo, ija yoyenda pang'onopang'ono. Kenako yodulira keke. Kenako ija imene imadzutsa ngakhale azakhali a miyendo yotupa. Nthawi iliyonse mlamu ankapukusa mutu kuti iyi yokha kalephera, ndipo nthawi iliyonse Katswiri ankamuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Zinkamukoma kumuona bambo wa ana anayi atagwada pafupi ndi nsapato zake, akukhonyola manambala ngati wantchito.

Atafika pa nambala yomaliza, thukuta linali kamukamu. Anthu anaomba m'manja. Katswiri anabweza gitala ngati akupereka mphatso kwa amasiye.

"Mwaona? Vuto si chida. Vuto ndi mwini chida."

"Taona, alamu. Tagula."

Mayi wogulitsa anatsitsa katsopano, ka m'katoni yomata. Mlamu anakana. Ankafuna komweko kapansiko.

"Bambo, kameneka kapondedwa ndi anthu ambiri, ndipo mtengo ndi womwewo."

"Palibe kanthu. Ndakakonda komweka."

Katswiri anapukusa mutu. Kugula chopondedwa pa mtengo wa chatsopano! Mlongo wake anaona chiyani mwa munthu ameneyu? Anaima pakhomo manja ali m'thumba, akuonerera mlamu akukulunga kabokosiko mu juzi yake mosamala ngati khanda lobadwa kumene.

"Tsono chinsalu chija," anatero Katswiri, mlamu atamupeza. "Ndikufuna ndikachione Lachisanu. Zilembo zikachepa, mukudziwa kale."

Mlamu anavala chipewa chake, n'kumupatsa kapepala kaja. Panalibe mtengo ngakhale umodzi. Unali mndandanda wa nyimbo za Loweruka, zisanu ndi zinayi, iliyonse itachongedwa.

"Chinsalu chikhala momwe chilili, alamu. Loweruka mupume, mwaimba kale." Anasisita juziyo. "Ndipo aka sikafunsa kuti dzina lake lili pati."