Ola Limodzi ndi Mphindi Khumi

Lamba wa pampando anamukanika. Mlamu wake anamumangira, osamuyang'ana kumaso.

Kanali koyamba kukwera ndege. Popita anayenda pa basi: masiku awiri, miyendo yotupa, maola asanu ali chilili pamzere wa pamalire. Pobwerera, Lachisanu limeneli, kampani ya mwamuna wake inawakweza ndege. Iye ndi mlamu wakeyo pamipando. Mwamuna wake kunsi kwa mapazi awo, m'bokosi, pamodzi ndi masutikesi.

Zaka zinayi akugwira ntchito kutsidya kwa malire. Zaka zinayi osaponda pakhomo. "Ndi kutali, mayi," ankatero pafoni. "Tchuthi chonse chingathere m'basi."

Anzake a pakhonde pomwe ankasokera ankamuseka. "Iwe telala, mwamuna wanji wosamva njala zaka zinayi?" Iye ankangopalasa makina. Ndipo basi ija inamutsuka mtima. Anadzionera yekha: kunalidi kutali. Munthu amene anapirira naye zaka khumi m'nyumba yopanda mwana sakanamunamiza. Akafika akawauza amiseche aja, mmodzimmodzi.

Mawu a woyendetsa ndege anamveka padenga. Makilomita 870. Ola limodzi ndi mphindi khumi.

"Alamu, ati ola limodzi?"

"Amangonena awa. Gonani, alamu."

Tulo sitinabwere. Anatsegula chikwama. Munali chithunzi cha mwamuna wake chokaika pabokosi, ndi tinsapato tofiira ta ana, mapeyala awiri ofanana, tomwe anatipeza m'sutikesi ya malemu. "Ta ana a bwana wake," anatero mlamuyo dzulo lake. Koma mayiyo ankadziwa zina. Mwamuna wake anali asanataye mtima. Ankadikirabe tsiku lomwe pakhomo padzalire mwana.

Anatulutsa chithunzicho n'kuchiika pamiyendo. Anachipukuta ndi nsonga ya mpango.

Mtsikana wotumikira m'ndege anafika ndi kangolo kake.

"Tiyi kapena madzi, amayi?" Maso ake anagwera pachithunzi, nkhope n'kuwala. "Ii, bambo athu a pawindo! Lero atithawa?"

Mlamu uja anatsokomola. Anapempha madzi, kawiri, mokweza. Palibe anamumva.

"Mukuwadziwa?" anafunsa mayiyo.

"Ndani sawadziwa muno? Lachisanu lililonse, ndege yomwe ino. Lamulungu madzulo n'kubwerera nafe. Chaka chachitatu chino. Amati kumapeto kwa sabata sangagone kutali ndi akazi awo. Ndiye ndinu eti? Muli ndi mwayi, amayi."

Anawerama, natenga timapaketi tiwiri ta mabisiketi, n'kumufumbatitsa m'manja.

"Mukawapatse mapasa aja. Bambo awo satsika osawatengera."