Lamba wa Helemeti

Pabwalo la mpikisano wa magalimoto, Bessie anagwira chibwano cha mwana wake Alinane, nalowetsa zala ziwiri pansi pa lamba wa helemeti. Anakoka pang'ono. Umu ndi momwe amamangira zochirikiza makosi a anyamata othamangitsana pa magalimoto m'misewu akafika pamachira atavulala kuchipatala chomwe amagwirako ntchito ku Croydon.

"Amayi, anzanga akuonatu," Alinane anadandaula, galimoto yobwereka ikubangula kumbuyo kwake.

"Aone. Laisensi yakoyo sinathe ndi mwezi womwe."

Bessie anatembenuka n'kuona ambulansi itaima pafupi ndi mpanda, dalaivala wake akuyasamula. Mtima unakhalako pansi.

"Pita, kathamange mpaka ukhute," anatero akumusiya. "Koma kuno kokha, wamva? Kuntchito kwanga ndisadzakuoneko."