Pomwe Wailesi Imadukira pa Msewu wa ku Msoro

"Kodi masamba a mtengo n'kutseka wailesi?" anafunsa a Barnabas, mphunzitsi wa ku yunivesite, akumwetulira. Anali m'galimoto yakumbuyo pamodzi ndi Delia, wophunzira wawo.

Delia anangoyang'ana laputopu imene inali pamiyendo pake. Ankayeza mphamvu ya mawu a wailesi yolankhulirana pakati pa magalimoto awiri oyenda, ndipo digiri yake inali m'manja mwa munthu ameneyu. Masamu a m'mabuku a mphunzitsiyo ankati mawu afika makilomita atatu. Masamu a Delia ankati adukira pankhalango ya tsanya, pa makilomita 1.2 okha, chifukwa mvula inali itagwa ndipo mitengo inali itavala masamba.

Galimoto yakutsogolo ankayendetsa ndi bambo ake a Delia, a Ruben, amene ananyamula alendo okaona nyama kwa zaka makumi awiri. Ndiwo anamuuza kuti m'dzinja wailesi ikafika pamenepo imangoti zii.

"Delia mwanangu, ndawoloka mlatho," mawu awo anamveka pawailesi. "Uwauze aphunzitsiwo anditsanzikiretu. Ndikulowa mu..."

Wailesi inangoti shwaa. Mzere wa pa laputopu unagwera pomwe Delia anaika kadontho kofiira dzulo lake.

A Barnabas anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"One point two," anatero chapansipansi. "Ndendende. Pepala la kafukufukuyu tilitumize kukasindikizidwa mwezi uno, dzina lanu ndi langa."

Delia anatseka laputopu mosafulumira.

"Mayina akhala atatu, aphunzitsi," anatero. "Loyamba likhala la adalaivala, bambo angawo."